Opanda Mphuno M'chipinda cha Thina

Nkhani imene ndikufuna kukuuzaniyi sindinaimve m'minibasi kapena kuiwerenga pa foni, inandichitikira ine mwini, ndipo mpaka lero thupi langa limaikumbukira. Ndikudziwa kuti munthu akabwera kuchokera kunja amabwera ndi nkhani zambiri, zina zothira mchere, moti mukhoza kunena kuti uyunso wayamba zake. Koma ine ndinakulira m'nyumba ya mkulu wa mpingo, ndipo ngakhale pakamwa panga sipakhala chete, bodza pa nkhani ya imfa sindingaliyerekeze. Mayina sinditchula, ngakhale la kampani, chifukwa anthu ake akadalipo ndipo ambiri mwa iwo anandichitira zabwino.

Pamene matenda a kolona ankafika n'kuti ine ndili ku Dubai, ndikugwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Ras Al Khor, dera la magalaja ndi mafakitale kumene fumbi ndi dzuwa zimachita kupikisana. Tinkagona ku Bur Dubai, amuna okhaokha m'chipinda chimodzi, mabedi osanjikizana, ndipo m'mawa basi ya kampani inkadzatitenga tulo tisanathe n'komwe. Katundu wathu anali penti, vanishi, guluu ndi thina, zimene ankagula anthu a m'magalaja okonza ndi kupenta magalimoto. Amene munapentako nyumba mukuidziwa thina, madzi oyera aja osungunulira penti, amene fungo lake limalasa m'mutu ngakhale uli pataliko. Ife tinali nayo ya m'migolo ikuluikulu, ndipo inkakhala m'chipinda chakechake kumapeto kwa nyumbayo, chopanda mawindo, cha chitseko chachitsulo cholemera. Mmenemo ndi mmene tinkatsanulira thina kuchoka m'migolo kupita m'zitini zing'onozing'ono, ntchito imene aliyense ankaizemba, chifukwa ukatulukamo mutu unkagunda tsiku lonse ndipo fungo linkakutsatira mpaka pabedi.

Matenda asanabwere, eni kampani anagula kachipangizo kolondera mpweya wa m'chipindamo. Anadzakamanga ndi mayi ena a ku India, injiniya ochokera ku ofesi ina ya ku Al Garhoud kufupi ndi bwalo la ndege, mayi aafupi, olankhula mofatsa ngati aphunzitsi a Sande sukulu. Ine ndi amene ndinkawagwirira makwerero, ndiye mafunso sanandithere. Anandionetsa ulusi wa galasi, wopyapyala ngati tsitsi, wokutidwa ndi pulasitiki yachikasu, n'kundiuza kuti mkati mwake simudutsa magetsi koma kuwala kokha. Kuwalako kumachokera m'kabokosi kamene anakakhoma kunja kwa chitseko, kumayenda mu ulusiwo mpaka kunsonga, kenako n'kubwerera. Kunsongako kunali kopakidwa mankhwala amene amamwa mpweya wa zinthu zouluka monga thina, petulo ndi sipiriti, ndipo akamwa, kuwala kumabwerera kutasintha, kabokosi n'kudziwa kuti mpweya waipa, alamu n'kulira. Anati kabokosiko kazitumizanso zimene kakuona ku kompyuta yawo. Nditafunsa kuti akuvutikiranji ndi galasi pamene mawaya wamba alipo, anandiyankha kuti m'chipinda chotere kamoto kakang'ono ka magetsi kangathe kuphulitsa nyumba yonse, pomwe kuwala kwa mu ulusimo sikuyatsa kanthu. Nsonga ya ulusiwo anaiika m'munsi mwa khoma, ati chifukwa mpweya wa thina ndi wolemera, umadikha pansi ngati madzi m'dambo. Ndinagwedeza mutu ngati ndamvetsa zonse, koma mumtima ndinkati kodi kaulusi aka kangadziwe chiyani chimene mphuno ya munthu wamkulu singadziwe?

Kenako kunabwera kolona, ndipo inabwera ndi sanitaiza. Mukukumbukira mmene tinkachitira nthawi imeneyo, kupaka m'manja, kupopera zogwirira zitseko, kupopera makatoni, ena mpaka kupopera nsapato. Tsono sanitaizayo ndi sipiriti, ndipo kaulusi kathu kaja sikankasankha, kakangomva sipiriti basi alamu yalira. Masiku oyamba tinkathamangira panja, n'kukaima padzuwa lotentha mutu kudikira kuti atiuze kuti palibe vuto. Koma munthu ungathawe kangati chinthu chimene kulibe? Tinatopa nazo, ndipo pang'onopang'ono panabadwa kachitidwe kathukathu, kamene sikanalembedwe paliponse. Alamu ikalira, kapitawo ankapita pachitseko chachitsulo chija, kugogoda, n'kufunsa amene ali mkati ngati fungo lawonjezeka. Wamkatiyo akanunkhiza n'kunena kuti ayi, kapitawo ankadina batani pakabokosi, alamu n'kukhala chete, ntchito n'kupitirira. Ndipo kunena zoona kachitidweka kankayenda bwino, chifukwa mphuno za anthu ozolowera thina zimadziwa kusiyanitsa fungo la masiku onse ndi fungo la ngozi.

Kapitawo wathu anali bambo wa ku Pakistan, wandevu zopaka zofiira, munthu wa mtima wabwino amene ankatchula aliyense kuti habibi, kutanthauza wokondedwa, ngakhale pomukalipira. Koma munthu amene ndinali naye pafupi anali mkulu wina wa ku Chipata, ku Zambia, amene tonse tinkangoti a Mudala. Iwowa ndi amene anandilandira nditangofika, kundiphunzitsa kukwera sitima ya m'tauni ndi kundionetsa kogula ufa, ndipo pa kampani yonse ndi iwo okha amene ndinkalankhula nawo chinenero cha kwathu, iwo Chinyanja chawo ine Chichewa changa, kumasekana kuti wina akuchiphwanya. Anali atataya mkazi wawo zaka zingapo m'mbuyomo, ankagona bedi la pansi pa langa, ndipo pogwira ntchito ankang'ung'udza nyimbo za m'tchalitchi ndi mawu okhuthala osalongosoka. Ankanditchula kuti mfana ngakhale ndinali kale bambo wa ana awiri.

Matenda atalowa m'chipinda chathu chogona, anatigwira ambiri, koma amene anatigwetsa kwenikweni tinali ine ndi a Mudala. Anatipatula kwa kanthawi, ndipo masiku amene thupi langa linkatentha kwambiri ndi iwo amene ankandimwetsa madzi, iwonso akutsokomola. Mulungu anatichitira chifundo, tinachira, anatiyeza n'kutipeza tilibe kachilombo, tinabwerera kuntchito. Koma chinthu chimodzi sichinabwerere, ndicho kumva fungo. Mphuno inalipo pankhope, mpweya unkalowa ndi kutuluka, koma fungo lililonse linali litasamuka padziko. Mpunga wa zokometsera wa anzathu a ku India, umene kale unkandiyetsemulitsa, ndinkangoutafuna ngati makatoni. Ubwino wake unali umodzi, woti masokosi a amuna onse a m'chipinda chathu anasiya kundizunza. Anzathu anaitenga nkhaniyi ngati sewero, wina kubwera ndi anyezi, wina ndi perefyumu, wina ndi nsapato yake, kumatiika pamphuno kuti tilose. Posakhalitsa dzina lathu pa kampani yonse linali loti opanda mphuno, aliyense kulitchula m'chinenero chake.

Ndiye tsiku lina kapitawo anabwera ndi nzeru imene tonse tinaiombera m'manja. Anati popeza chipinda cha thina chimazunza anthu ndi fungo, ndipo pali anthu awiri amene fungo silikuwakhudza, bwanji awiriwo azigwira mmenemo mpaka mphuno zawo zitabwerera? Anzathu anasangalala kuti apulumuka. Ifenso tinasangalala, chifukwa chipindacho ankachisunga chozizira kuopa kuti thina angatenthe, pomwe anzathu ankatsitsa katundu m'malole panja, m'nyengo imene dzuwa la kumeneko limaotcha ngakhale m'mawa. A Mudala anati matenda atipatsa ofesi. Panalibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale ine wodzitama kuti ndine wochenjera, amene anaika zinthu ziwirizi pamodzi, kuti alamu ikalira timafunsa mphuno za amene ali mkati, ndipo amene tawaika mkati alibe mphuno. Mukamamva panopa zikuoneka zoonekeratu, si choncho? Ifeyo tinali amuna ambirimbiri a mitundu yosiyanasiyana, ndipo tonse tinangoona kuti ndi chifundo.

Tinagwira mmenemo kwa kanthawi popanda vuto. Tsiku limene ndikunenali kunja kunali mphepo ya mchenga, ija imasandutsa kumwamba kukhala kotuwa, choncho chitseko tinachitseka kuti fumbi lisalowe m'zitini. Fani yokoka mpweya woipa kupita panja inali itaima masiku angapo m'mbuyomo, ndipo wokonza wake nayenso anali atapatulidwa chifukwa cha matenda. Masiki enieni a ntchitoyo, a mphira okhala ndi zosefera, anali atatha ndipo atsopano sankapezeka, ndiye tinkavala timasiki tobiriwira tomwe aliyense ankavala mumsewu, timene sititchinga mpweya wa thina ngakhale pang'ono. Chimene sitinkadziwa n'chakuti mgolo umodzi wa kumbuyo unali utang'ambika m'munsi potsitsa dzulo lake, ndipo thina anali akuyenderera mwakachetechete pansi pa matabwa oikapo migolo. Ine ndinali pamakwerero kusanja zitini pamashelefu a m'mwamba, a Mudala atakhala pakachidebe chapansipansi kumamata mapepala pazitini, mutu wawo uli m'munsi momwe mpweya uja umadikha.

Alamu inalira. Tinamva kapitawo akugogoda ndi kufunsa funso lake la masiku onse. A Mudala anatukula mphuno m'mwamba, kununkhiza mokokomeza ngati galu wa alenje, n'kuyankha kuti, “Palibe fungo, habibi. Khalas, basi, zimitsa.” Tonse awiri tinaseka, kapitawo nayenso anaseka kunjako, alamu n'kukhala chete. Sanamunamize ayi, fungo panalibedi.

Zimene zinatsatira ndi zimene zimandivuta kufotokozera anthu, chifukwa aliyense amayembekezera kuti ndinena za kubanika, kutsokomola ndi kukuwa. Sizinali choncho. Ndinangoyamba kumva bwino. Kuyambira pamene matenda anayamba, mtima wanga unkakhala wolemera nthawi zonse, kuganizira ana kumudzi, malire otsekedwa, anthu amene tinkamva kuti amwalira, koma pamakwerero paja zonsezo zinangosungunuka. Ndinayang'ana zitini za penti zimene ndinkaziona tsiku lililonse n'kudabwa kuti bwanji sindinaonepo kuti ndi zokongola chonchi. Nyimbo ya a Mudala, ija ya mawu osalongosoka, inayamba kumveka ngati kwaya yathunthu, amayi akuyankhira kumbuyo. Maso ankandiyabwa pang'ono, koma ndinati ndi thukuta. Chitini chimodzi chinandipulumuka m'manja, ndipo ndinachiyang'ana chikugwa pang'onopang'ono ngati tsamba, chitafika pansi ndinaseka mpaka misozi. Kodi munthu amene akuseka angaganize kuti ali pangozi?

Alamu inaliranso, koma ulendo uno inamveka kutali, mokoma, ngati belu la tchalitchi cha tsidya lina. Kugogoda kunabweranso, a Mudala anayankhanso kuti palibe kanthu, koma mawu awo anali okoka, lilime likulemera. Kunja kunali phokoso la malole, ndipo kapitawo sanamve kusiyana kwake. Alamu inazimanso. Patapita kanthawi nyimbo inaleka, ndipo ndinamva a Mudala akunena kuti akufuna angotsamira pang'ono, msana watopa. Anakwawira kuseri kwa migolo kumene tinkaunjika makatoni, malo amene munthu woima pakhomo sangaone.

Ndinatsika pamakwerero mwapang'onopang'ono, miyendo ikuchita ngati ndabwereka kwa munthu wina. Nditaponda pansi nsapato zanga zinalowa m'madzi, ndipo nditayang'ana ndinaona simenti yonse ikunyezimira. Ndinadziwa kuti ndi thina. Ndikufuna mumvetse bwino pamenepa, anzanga, nzeru sizinandithawe, ndinadziwa kuti mgolo wabooka, ndinadziwa kuti mpweya umenewu umapha, ndinakumbukira ngakhale mawu a mayi a injiniya aja. Koma zonsezo zinali ngati uthenga wa maliro a munthu wosamudziwa umene ukuwerengedwa pa wailesi, umaumva koma sukukhudza. Chitseko chinali pomwepo, ndipo mumtima ndinkati ndituluka, palibe chothamangira.

Ndinapita kukawaona a Mudala. Anali atagona chammbali pamakatoni, tsaya lili pansi, masiki atagwera pakhosi, akumwetulira. Milomo yawo inali itatuwa ngati phulusa, ndipo ankapuma motalikitsa, kupuma kamodzi, kudikira, n'kudzapumanso. Ine poona zimenezo chimene chinandibwerera ndi chifundo, kuti mkuluyu wavutika moyo wake wonse ndipo sindinamuonepo atagona bwino chonchi. Chinandidetsa nkhawa chinali chimodzi chokha, choti mutu wawo unalibe chotsamira. Choncho ndinatembenuka kupita chakukhomo kumene kunali nsanza zopukutira, kuti ndikapinde imodzi ndiwaikire kumutu. Nditafika pansanzapo ndinaona kuti palinso pabwino, ndinakhala pansi n'kutsamira khoma.

Pamenepo ndi pamene ndinamva fungo, koyamba chichokereni m'matenda. Silinali la thina ayi, linali fungo la mvula yoyamba ikagwa pa dothi louma la kwathu ku Ntcheu. Ndinaona msewu wotsikira kumudzi, amayi ogulitsa kabichi ndi mbatata m'mbali mwake, mitengo ya mango italemera ndi zipatso, ndipo ndinali kuyenda wopanda katundu, wopepuka, ndikudziwa kuti kutsogoloko akundidikira. Sindinakhalepo pamtendere wotere chibadwire, ngakhale m'tchalitchi.

Mwadzidzidzi chitseko chinatseguka, kuwala ndi kutentha zinalowa, ndipo munthu wodzikulunga nsalu yonyowa kumaso anandigwira pakolala n'kundikhwekhwereza panja. Ndikuuzeni zoona, ndinakwiya. Ndinkafuna kumuuza kuti atseke chitseko, akulowetsa fumbi. Anali kapitawo, ndipo atandigoneka pasimenti ya panja anayamba kundigwedeza mapewa, kufunsa kuti a Mudala ali kuti. Poyang'ana kuchokera pakhomo sanawaone, ndiye ena ankati mwina anatuluka kupita kuchimbudzi, wina anali atathamangira kale kumeneko kukawafuna. Funsolo ndinalimva bwinobwino, yankho lake ndinkalidziwa, anthu onse atandizungulira kudikira pakamwa panga. Koma ndinkaona kuti anthu awa ndi aphokoso, akangolowa akawadzutsa. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi ndikumwetulira, n'kunena m'Chichewa, mofatsa, kuti, “Asiyeni, agona.”

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji, anzanga amati sinali yaitali, koma kwa munthu amene akupuma mpweya umenewo pansi penipeni, nthawi iliyonse ndi yaitali. Chimene chinandibweza ndi kusanza. Ndinasanza pasimenti, mpweya wa panja unalowa m'chifuwa ngati moto, ndipo mantha onse amene anayenera kubwera kalekale anabwera nthawi imodzi. Ndinaona milomo yotuwa ija m'maganizo mwanga n'kuzindikira tanthauzo lake. Ndinaloza chitseko ndi manja onse awiri, kukuwa kuti kuseri kwa migolo, kuseri kwa migolo, m'zinenero zonse zimene ndinkadziwa. Kapitawo ndi mnzathu wina wa ku Nepal anakoka mpweya wambiri, kutseka pakamwa, n'kulowa, wina akuletsa anthu kuti asayatse kapena kuzimitsa chilichonse cha magetsi. Anatuluka akuwakoka a Mudala miyendo, mutu ukugunda pasimenti, zovala zitanyowa ndi thina. Sankagwedezeka, ndipo kumwetulira kuja kunali kukadali pankhope.

Ambulansi inatitenga tonse awiri, koma kuchipatala anatilekanitsa, ndipo malamulo a nthawi ya matenda sankalola munthu kukaona mnzake. Ine ananditulutsa msanga, mutu ukupweteka ngati ung'ambika koma ndili bwino. Za a Mudala tinkangomva kuti ali pa makina othandiza kupuma ndipo sanatsitsimuke. Ndinabwerera ku Bur Dubai, kukwera pabedi langa, pansi panga pali bedi loyalidwa bwino lopanda munthu, Baibulo lawo lili pamtsamiro. Ndinalira, sindibisa. Ana awo aakazi ankaimba foni yanga kuchokera ku Chipata, ndipo ndinkangowauza kuti tipemphere, poti china ndikananena chiyani?

M'masiku odikira amenewo kapitawo anabwera kudzandiona, ndipo ndi iye amene anandiuza chimene chinatsegulitsa chitseko chija. Mayi a injiniya aja ankagwira ntchito ali kunyumba chifukwa cha matenda, kompyuta ili patebulo. Iwo anali atazolowera kuona pakompyutapo mzere wosonyeza zimene kaulusi kathu kakumva ukudumpha n'kutsika msanga, n'kumadziwa kuti ameneyo ndi sanitaiza. Koma tsiku limenelo mzere unkakwera pang'onopang'ono osatsika, alamu ikuzimitsidwa koma mzere ukungokwerabe. Anamuimbira kapitawo, iye n'kuwatsimikizira kuti wafunsa kawiri konse ndipo anthu a mkati akuti fungo palibe. Mayiwo anangofunsa kuti mkatimo muli ndani. Kapitawo akuti anayamba kufotokoza monyadira nzeru yake ija, kuti anaikamo anyamata awiri amene matenda anawalanda fungo, ndipo mawuwo asanathe kutuluka anadzimva yekha zimene akunena. Foni anaitaya pansi n'kuthamanga. Pondiuza zimenezi bambo wamkulu uja anagwira ndevu zake n'kuyamba kulira, ndipo ine ndinalibe mtima womuimba mlandu, chifukwa tsiku limene ankatipatsa chipindacho ine ndinaombera nawo m'manja.

A Mudala anatsitsimuka. Namwino wina wachifundo anatilumikiza pa foni ya kanema, ndipo ndinawaona ataonda, timapaipi tili m'mphuno, maso ali pa ine. Ndinayamba kuthokoza Mulungu mokweza, kuwauza kuti atiopseza, kuti ana awo akudikira kumva mawu awo. Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa, kenako anati m'Chinyanja chawo, ndi mawu otsika, “Mfana, munaniutsiranji? Nenze n'tafika kunyumba.” Ndinaseka poganiza kuti ndi nthabwala zawo zija, koma iwo sanaseke. Anandiuza kuti anali atayenda njira yonse ya kumudzi kwawo, anafika pabwalo, mkazi wawo malemu aja ataima pakhonde ndi beseni la madzi osamba m'manja, ndipo iwo anali atatambasula kale manja pamene wina anawakoka miyendo. Sanalankhule mokwiya kapena modandaula, ankangofunsa ngati munthu amene wachotsedwa pamalo abwino popanda kumuuza chifukwa. Njira imeneyo ndinkaidziwa, inenso ndinali nditaiyamba.

Anachira, koma sanabwererenso mwakale. Manja ankanjenjemera, nkhani ukawauza m'mawa madzulo aiwala, ndipo nyimbo zija anasiya kung'ung'udza. Ndege zitayambanso kuuluka anabwerera ku Chipata, kumene akukhala ndi mwana wawo wamkulu, ndipo timalankhulana mwa apo ndi apo. Kuntchito kuja zinthu zinasintha, fani inakonzedwa, masiki enieni anapezeka, batani lozimitsira alamu analitsekera m'kabokosi ka loko, ndipo mayi a injiniya anabwera kudzatiuza, mofatsa momwemo, kuti kaulusi kakalira palibenso kufunsana, aliyense panja.

Kale ndinkakhulupirira kuti imfa imabwera ndi phokoso, kuti thupi limakuchenjeza, umamva ululu, umachita mantha, n'kuthawa. Panopa ndikudziwa kuti ina imabwera mwaulemu, imayamba yakuchotsera mantha, ndipo iweyo umaithandiza ntchito yake ukumwetulira. Za zimene ndinaona pamsewu wa kwathu uja, ndi zimene a Mudala anaona pakhonde, madokotala anati ndi mpweya umene unasokoneza ubongo, ndipo sindikutsutsa, koma sindinganene kuti ndamvetsa zonse. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku limenelo amuna awiri anzeru zawo anali okonzeka kufa mosangalala, ndipo chimene chinakana kunyengeka ndi kaulusi ka galasi kopanda mtima.

Choncho inu amene mumagwira ntchito ndi penti, thina, guluu kapena petulo m'zipinda zotseka, kaya ndi kunja kwa dziko kaya ndi m'magalaja a kwathu, ndikupempheni. Chipangizo chikalira tulukani, zokangana nacho mukachitire panja, ngakhale chikhale kuti chakunamizani kambirimbiri. Mukakhala m'malo otere n'kuyamba kumva chimwemwe chimene simukudziwa kumene chachokera, musachikhulupirire. Ndipo mnzanu akakuuzani kuti akufuna angotsamira pang'ono, musapite kukamufunira chotsamira. Mugwireni miyendo mumukokere panja, ngakhale adzakufunseni moyo wake wonse kuti munamudzutsiranji.